Makina akudikira ku Blantyre, maliro ali pakhomo

Foni inalira cha m'ma 5 koloko m'mawa, mapemphero a mbandakucha atangotha kumzikiti wa pafupi ndi kwathu. Ndinali ndisanagone. Patebulo panali laputopu, kapu ya tiyi wozizira kale, ndi masamba 32 a magazini omwe ankayenera kufika kwa osindikiza ku Blantyre isanakwane 12 koloko masana. Woimbayo anali mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe. Sanachulutse mawu. Anangoti bambo ake atisiya usiku womwewo.

Malemuwo ndi amene anatilandira titangosamukira kuno ku Mangochi. Anatibwereka wilibala ndi fosholo pamene tinkamanga mpanda, ndipo mwana wathu atadwala malungo pakati pa usiku, iwo ndi amene anakadzutsa wa njinga yamoto. Poti anali Msilamu, mwambo woika m'manda unali wa tsiku lomwelo, ikangotha swala ya masana. Akazi anga anamanga chitenje, natenga ufa pang'ono ndi nkhuni, n'kuima pakhomo.

"Bambo, kusiwa mubwera nthawi yanji?"

"Tsogolani mayi, ndikupezani komweko."

Sindinawapeze. Amene anagula tsamba la kumbuyo kwa chikuto anali asanatumize chithunzi cha malonda awo. Chitafika chinali chosaoneka bwino, ndiye panayamba kuimbirana mafoni. Kenako magetsi anazima. Pamene ndinkatumiza tsamba lomaliza, nthawi itapitirira kale 2 koloko, jeneza inali itadutsa ndipo anthu anali akubwerera kuchokera kumanda. Madzulo ndinapita kukakhala ndi azibambo pansi pa mtengo wa mango. Palibe anandidzudzula. Mkulu wina anangondisunthira pamkeka n'kunena kuti, "Mwafika, achimwene." Mawu awiri amenewo ndimawamvabe mpaka lero, ndipo ndi amene andichititsa kulemba nkhani ino.

Amene sanagwirepo ntchito yathu amafunsa moona mtima kuti kodi magazini akachedwa ndi tsiku limodzi pafa ndani. Funsoli ndi loyenera, ndipo yankho lake lili m'makina. Magazini omangidwa ndi timawaya pakati amakhala ndi masamba owerengeka anayi anayi, chifukwa pepala limodzi likapindidwa limabala masamba anayi. Simungachotse tsamba limodzi kapena kuwonjezera awiri. Nkhani ikapanda kufika, dzenje lake liyenera kukwiriridwa ndi china chofanana nacho kukula. Osindikiza nawo amaika masamba asanu ndi atatu kapena 16 papepala limodzi lalikulu, ndipo tsamba lamitundu limafuna mapuleti anayi: la buluu, la kufiirira, la chikasu ndi lakuda. Choncho tsamba limodzi likatsalira, limagwira anzake onse a papepalalo. Ndipo makina sakhala akudikira inu nokha. Mukaphonya nthawi yomwe anakupatsani, ntchito ya wina imakwera, inu n'kubwerera kumchira kwa mzere. Chakumapeto kwa chaka mzerewo umadzaza ndi makalendala, sukulu zikamatsegulira umadzaza ndi mabuku, ndipo m'chaka cha zisankho ngati 2025 umadzaza ndi nkhope za ofuna mavoti. Kuchedwa kwa tsiku limodzi kumatha kusanduka masabata awiri.

Pamwamba pa izi pali ndalama. Mapepala, inki ndi mapuleti zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene osindikiza ankakuuzani unasiya kukhala wa mwezi wonse. Wotsatsa malonda nayenso salipira asanaone malonda ake atatuluka. Ngati ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja omwe akufuna anthu a Khirisimasi, magazini otuluka mu January alibe nawo ntchito. Ndiye tsiku lotsekera nkhani, limene m'maofesi timangoti dedilayini, si nkhanza za mkonzi. Ndi pamene pagona fizi ya mwana.

Kukhala ku Mangochi kumawonjezerapo zake. Kuchoka pano kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 190, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba. Masiku ano masamba amapita pa intaneti, koma munthu wosamala amafunabe kukaona ndi maso ake pepala loyamba likutuluka m'makina, chifukwa nkhope ya munthu yomwe pakompyuta inali yabwinobwino imatha kutuluka yobiriwira. Ulendo umenewo umadya tsiku lonse, nthawi zina n'kugona komweko. Olemba athu ambiri si atolankhani a pamwezi. Ndi aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, achinyamata ongodzipereka, ena ali ku Namwera, ena ku Makanjira, ena ku Chembe, ndipo nkhani amatumiza pa WhatsApp bandulo ikapezeka komanso netiweki ikalola. Simungawakalipire pochedwa, poti nawonso ali ndi makalasi, odwala ndi ana awo. Kuchedwa kwawo konse kumatsikira pa munthu mmodzi, m'masiku atatu omaliza. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, masiku atatuwo anasanduka mausiku atatu, chifukwa magetsi ankabwera anthu atagona. Ana anga anazolowera kuona bambo awo akugona pamene iwo akupita kusukulu.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachedwa kuchizindikira. Ntchito ya magazini m'chigawo chino tinaiphunzira kwambiri kwa amishoni. Magazini ya Moni, yomwe ambiri tinaphunzirirapo kukonda kuwerenga, inayamba mu 1964 ku Limbe m'manja mwa a Montfort. Ku Balaka, komwe ndi mbali ya dayosizi ya Mangochi, Bambo Piergiorgio Gamba ndi anzawo anakhazikitsa Montfort Media, kumene kumachokera magazini a The Lamp ndi Together. Makina a ku Balaka ndi amene anasindikiza kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi a Chikatolika pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la nyengo ya Lenti, ndipo mmodzi mwa osaina anali Ambuye Alessandro Assolari a ku Mangochi. Sindikudziwa tsiku lina lotsekera ntchito m'mbiri ya dziko lino limene linali lolemera kuposa limenelo. Kalatayo inayenera kufika m'maparishi onse Lamulungu lisanakwane, mwakachetechete, ndipo pambuyo pake anthu anakatentha malo osindikizirawo. Ndimavula chipewa ndikakumbukira zimenezi. Koma ndimaonanso kuti otsogolera ntchitoyo anali ansembe ndi mabulazala, anthu amene analumbira kuti sadzakhala ndi banja. Akachezera usiku wonse, panalibe mkazi wodikira ndi nsima yozizira, panalibe mwana wofuna kusainiridwa lipoti la kusukulu. Ife tinatengera kagwiridwe kawo ka ntchito osatengera moyo wawo. Ndipo m'manyumba osindikizira amenewo munalinso anthu wamba apabanja, otchera makina ndi opinda mapepala, amene mbiri siitchula, omwe akazi awo ankadikira ngati mmene amadikirira akazi anga.

Banja la wolemba limalipira nawo ngongole imene silinatenge. Jack Mapanje, mwana wa kuno kwa Kadango, atamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, anasiya mkazi ndi ana ku Zomba. Zanga sizingafanane ndi zimenezo ngakhale pang'ono, ine palibe amene akundisaka. Koma ndikaona dzina langa lokha litasindikizidwa patsamba lachiwiri pansi pa mawu oti mkonzi, ndimadziwa kuti mndandandawo ndi woperewera. Mulibe dzina la amene amaphika, amene amapita kumsonkhano wa makolo, amene amagona pansi kuchipatala mwana akagonekedwa, amene amakandipepesera kumaliro.

Ndipo kuno banja si mkazi ndi ana okha. Kwathu ndife a chikamwini, ndipo ine ndine mwinimbumba wa alongo anga awiri ndi ana awo. Mphwanga akafuna kukwatira, ankhoswe sayamba kukambirana malume asanafike. Malire a munda akavuta, amfumu amafunsa za ine. Mnyamata akaganiza zopita ku Joni, monga amachitira achinyamata ambiri a boma lino, mayi ake amafuna ndikhale naye pansi asanakwere basi. Mu 2024, madzi a m'nyanja atakwera n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, ndinatha masiku awiri ndikujambula zithunzi za makhonde omira ndi mitengo yoima m'madzi, chifukwa imeneyo inali nkhani ya pachikuto. Tsiku lachitatu m'pamene ndinafika kwa mlongo wanga, yemwe khitchini yake inali itagwa. Anandilandira bwino, anandiphikira utaka. Tikudya anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, zithunzi zija zinatuluka bwino?" Sankanyoza. Ankafunadi kudziwa. Koma nsimayo inandivuta kumeza.

Anzathu aakazi pantchitoyi amasenza kawiri. Ine ndikachezera, mawa lake ndimagona ndipo pakhomo pamayendabe. Mtolankhani wamkazi akachezera, m'mawa amadzukabe kuwotcha madzi, kuphika phala ndi kusesa, ndipo akabwera usiku kuchokera kuntchito pamakhala pakamwa pa anthu pomudikira. Wailesi ya Dzimwe, imene inayamba ku Monkey Bay chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, inayambitsidwa ndi bungwe la amayi ofalitsa nkhani n'cholinga choti mawu a amayi a kumudzi amveke. Papita zaka zoposa 25, koma ndikawerenga olemba amene amasiya kutitumizira nkhani, ambiri ndi atsikana aluso amene angolowa m'banja kapena angobereka. Sikuti luso lawathera. Palibe amene wawalandira mwana kwa maola awiri kuti alembe. Mkonzi amene amangoti tumizani pofika Lachitatu, osafunsa kuti Lachitatulo mwana akhala ndi ndani, adzatsala ndi magazini olembedwa ndi amuna okhaokha m'boma la anthu oposa 1.1 miliyoni, momwe nsomba zambiri zimawambidwa, kuyanikidwa ndi kugulitsidwa ndi amayi.

Choyamba kufa pa mpanipani wonsewu ndi zimene munthu amakonda payekha, chifukwa izo sizidandaula. Mkazi amalankhula, osindikiza amaimba foni, koma bawo amangokhala chete pakona. Ine ndimakonda bawo kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndimakondanso kuwedza ndi mbedza mumtsinje wa Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi, dzuwa likamapendeka. Panapita chaka chathunthu ndisanagwire nkhomo kapena kutola nyongolotsi. Ndinkadziuza kuti zimenezo ndi zachibwana, kuti munthu wofuna kupita patsogolo sataya nthawi pansi pa mtengo. Akuluakulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndiye ndinasankha kusiya zokomazo n'kugwira chimodzi.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti magazini anayamba kuzizira. Nkhani zathu zinasanduka za misonkhano ya m'mahotela: nduna yati, bungwe lapereka, mkulu wina wapempha. Zoona zonse, koma zopanda fungo la kugombe. Ndinadzazindikira kuti nkhani zimene owerenga ankazikumbukira ndinkazipeza pabawo. Pamenepo m'pamene ndinamva koyamba asodzi akale akufotokoza mmene chambo chinathera m'nyanja ya Malombe, kumene kale chinkadzaza mabwato. Pamenepo m'pamene ndinamva za amayi olera okha ana amuna awo atakhalitsa ku Joni osatumiza kanthu, za mitengo ya maukonde, za mikangano ya nyengo yotseka nyanja. Munthu sakuuza zimenezi ukafika ndi kope ndi cholembera. Amakuuza atakudya nkhomo kawiri, akuseka, ataona kuti ndiwe mnzake. Kumaliro n'chimodzimodzi, kuchinkhoswe n'chimodzimodzi. Sindikunena kuti tizipita kumaliro kukasaka nkhani, Mulungu atikhululukire. Ndikunena kuti mkonzi amene wadzichotsa pakati pa anthu ake amakhala wadula muzu umene magazini ake amamwera madzi. Nthawi imene ndinkaiona ngati yobedwa kuntchito inali mbali ya ntchitoyo.

Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, yotsalira kuyambira masiku omwe tauni ino inkatchedwa Fort Johnston. Ndimaidutsa pafupifupi tsiku lililonse, koma sindinaonepo msodzi akuikweza maso kuti adziwe nthawi. Asodzi a usipa amayendera mwezi. Amapha usiku ndi nyale, siginala atatsogola pabwato lake kukopa nsomba ndi kuwala, alovi akudikira kukoka khoka la chilimira. Kukakhala mdima amagwira ntchito usiku ndi usiku, maso ofiira, ndipo pakhomo sawaona. Koma mwezi ukawala kwambiri nyale sizikopanso kanthu, ndiye amakhala kumtunda, amasoka maukonde, amamata mabwato, amaona ana, amapita kukaona odwala. Mwera ukawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, wanzeru salowa m'madzi. Nawonso ali ndi masiku otsekera, owopsa kuposa anga chifukwa iwo akalakwitsa amamira. Kusiyana kwake n'kwakuti mudzi wonse umadziwa kalendala yawo. Mkazi wa msodzi amadziwa sabata imene mwamuna wake sapezeka ndi sabata imene apezeka, ndipo zokambirana za pabanja amaziika m'masiku a mwezi wowala. Akazi anga sankadziwa kalendala yanga, chifukwa ineyo ndinalibe. Kwa ine tsiku lililonse linali la mdima.

Ndinayambira pamenepo kusintha. Tsiku la osindikiza sindingalisunthe, koma ndinasuntha zonse za kutsogolo kwake. Kumayambiriro kwa chaka timakhala pansi ndi akazi anga, kalendala ili pakati, ndipo choyamba kulembedwa si magazini. Timalemba masiku otsegulira ndi otsekera sukulu, mwezi wa Ramadan ndi Eid, poti theka la olemba athu ndi otsatsa malonda amakhala akusala ndipo si chilungamo kuwathamangitsa masana dzuwa la kuno likuswa mtengo, Pasaka, nyengo ya zinamwali, masabata obzala. Masiku a magazini amalowa m'mipata yotsalayo. Olemba ndimawauza tsiku lenileni ndi chifukwa chake, ndipo amene ali ndi mwana wamng'ono ndimamulola kutumiza nkhani yake ya pakamwa pafoni, ine n'kuilemba, dzina n'kukhala lake. Ndimasunga m'kabati nkhani zitatu zosatha ntchito, monga mbiri ya mishoni ya Livingstonia imene inayambira ku Cape Maclear mu 1875 isanasamukire ku Bandawe, kapena za ulendo wa sitima ya Ilala kuchokera ku Monkey Bay, kuti dzenje likapezeka ndisachezere usiku. Wotsatsa malonda akachedwa, tsamba lake limapita ku magazini otsatira. Ena anakwiya, mmodzi anachoka ndithu, ndipo mwezi umenewo ndiwo zinali bonya ndi masamba.

Chovuta kwambiri chinali kuphunzitsa munthu wina. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti palibe angathe kuyala masamba ngati ine, ndipo chikhulupiriro chimenecho chinkandikomera. Pano pali mtsikana wina, womaliza Fomu 4, amene amadziwa kutseka magazini ine kulibe. Amalakwitsa, monga ndinkalakwitsira ine. Tsiku lina mawu a pansi pa zithunzi ziwiri anasinthana, ndipo ndinapepesa m'magazini otsatira. Ndinaona kuti kupepesa kwa owerenga chifukwa cha chithunzi n'kopepuka kusiyana ndi kupepesa kwa mnansi chifukwa cha maliro.

Sindinganame kuti zonse zili bwino tsopano. Masiku atatu omaliza akadali owawa. M'mwezi wa October, kutentha kukafika poti chitsulo cha pakhomo sichigwirika, ndimakhalabe pakhonde usiku ndi laputopu, udzudzu ukulira m'makutu, ndipo mwana wanga wamkazi amatulukabe ndi kope lake la masamu n'kuima chapatali, akuyeza nkhope yanga ngati ndingathe kufunsidwa. Nthawi zina ndimatseka laputopu. Nthawi zina ndimamuuza kuti mawa, ndipo iye amadziwa kuti mawa la sabata imeneyo ndi lotani. Funso loti ndipitirize kapena ndisiye limabwera chaka chilichonse, makamaka ndikaona anthu akuwerenga nkhani pa Facebook mwaulere pamene ine ndikuwerengera mtengo wa pepala. Chimene chimandigwira ndi zimene ndimaona m'midzi: magazini amodzi akuyenda nyumba zisanu, mphunzitsi akuwagwiritsa ntchito m'kalasi, agogo osaona bwino akuuza mdzukulu kuti awawerengere mokweza. Tsamba la pepala silifuna bandulo kapena batire. Ndimakhulupirira kuti ntchitoyi ndi yoyenera kuigwira. Chimene ndinasiya kukhulupirira n'chakuti iyenera kulipiridwa ndi anthu amene sanafunsidwe.

Patatha masiku 40 chimwalirireni mnansi wathu uja, abale anakonza sadaka. Tsikulo linagwera pamene ndinayenera kupita ku Monkey Bay kukasiya magazini ndi kutolera ndalama za malonda. Ndinatuma mtsikana wa Fomu 4 uja pa minibasi, katundu ali pamiyendo, ndipo ine ndinadzuka m'mamawa kukathandiza kuwaza nkhuni ndi kusenza madzi a mpunga. Foni ndinaisiya kunyumba. Anthu atadya n'kuyamba kubalalika, mayi wamasiye anandiitanitsa kukhonde. Ndinagwada chapatali, mawu opepesa ndili nawo kale pakamwa, koma anandidula. Anati malemu ankasunga magazini athu onse m'katoni pansi pa bedi, ndipo ankawawerengera iwo madzulo, poti iwo sukulu sanapite nayo patali. Anafunsa ngati mwana wanga angamabwere Loweruka kudzawawerengera atsopanowo. Loweruka lotsatira ndinamuperekeza ndekha, nditanyamula wilibala ija, imene inali idakali kuseri kwa nyumba yathu.